Ndemanga pa snake plant: chomera n'cholimba, koma dothi ndi mphika wake n'zofunika kusintha

Pa maluwa onse a m'nyumba amene amagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya Lusaka, snake plant ndi chomera chimene ndingauze munthu wotanganidwa kuti agule osakayika. Ndakhala nacho kupitirira chaka, chadutsa m'dzinja, m'chisanu ndi m'kutentha kwa Okutobala, ndipo chikadali chiimire. Dandaulo langa lili pa kagulitsidwe kake: dothi limene amachidzalamo, miphika yokongola yopanda bowo, ndi malangizo amene munthu amapatsidwa pogula. Zitatu zimenezi ndi zimene zimapha chomera chimene pachokha sichifa msanga.

Ndinagula ziwiri kwa mayi wina amene amayala maluwa ake m'mbali mwa Great East Road. Chimodzi ndi chachitali chija cha masamba osongoka okhala ndi mzere wachikasu m'mphepete, chimene odziwa zomera amachitcha Laurentii. Chinacho ndi chachifupi, Hahnii, masamba ake amakhala mozungulira ndipo chimakwana bwino patebulo. Mtengo sunali woboola m'thumba tikayerekeza ndi wa m'masitolo akuluakulu a m'mamolo, ndipo mayiyo anali waulemu, anandinyamulira mpaka pokwerera basi. Pa zimenezo ndilibe mawu.

Ndimakhala m'nyumba yalendi ku Kabwata. Pabalaza pali zenera limodzi, loyang'ana kummwera. Kuno ku Lusaka zenera lotere silikhala ndi dzuwa lolunjika miyezi yambiri pa chaka, makamaka m'miyezi yozizira pamene dzuwa limadzera chakumpoto. Maluwa ena amene ndinaikapo kale ankatalika monyozoloka kufunafuna kuwala, kenako n'kufota. Snake plant inakhazikika. Sindikunena kuti imakonda mdima, ayi. Pamalo owala bwino imaphuka msanga ndipo mizere ya pamasamba imaoneka bwino, pomwe pamalo amdima imangokhala osakula. Koma kukhala kokhako ndi chinthu chachikulu kwa ife a m'mafulati, amene sitingasankhe kumene zenera liyang'ane.

Chimene chinanditsimikizira kuti ndalama zanga sizinapite pachabe ndi ulendo wa mu Ogasiti. Ndinapita kumudzi ku Katete pa nthawi ya Kulamba, ndipo zochitika za pabanja zinandisunga kumeneko kuposa mmene ndinaganizira. M'nyumba munalibe wothirira. Pobwera ndinapeza maluwa ena atagona pansi, koma ziwirizi zinali momwe ndinazisiyira, fumbi lokha pamasamba. Chifukwa chake n'chodziwika. Chomerachi chimasunga madzi m'masamba ake onenepa ndiponso m'tsinde lokwawa pansi pa dothi, looneka ngati jinja. Kuonjezera apo, timabowo topumira ta pamasamba timatsekeka masana n'kumatseguka usiku kukazizira, choncho madzi satuluka ambiri. Amene munali mu Lusaka mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi akuzima nthawi yaitali ndipo mipope ikuuma chifukwa mapampu sakugwira ntchito, mukudziwa kuti madzi a m'mgolo sagawidwa mwachisawawa. Duwa losapempha nawo madzi amenewo n'lofunika.

Tsopano dandaulo. Chachitali chija chinabwera mu mphika wopaka utoto wonyezimira, wokongola ndithu, koma pansi pake panalibe bowo ngakhale limodzi. M'kati munali dothi lakuda lomata, lomwe lija limagwira nsapato mvula ikagwa. Ndipo malangizo a wogulitsa anali akuti ndizithirira kawiri pa sabata. Sindikuganiza kuti ananena zimenezi ndi mtima woipa. Maluwa ake amakhala panja, padzuwa ndi pamphepo tsiku lonse, m'timapepala takuda toboola, ndipo amauma msanga. M'nyumba zinthu n'zosiyana kotheratu. Madzi akalowa mu mphika wosaboola alibe kopita, amangodikha pansi.

Pasanapite nthawi tsamba limodzi linayamba kupendekera. Nditaligwira m'munsi linali lofewa, lamadzimadzi, ndipo linazuka lokha ndi fungo la chinthu chowola. Ichi ndiye chizindikiro chimene aliyense wogula ayenera kuchidziwa: tsamba likafewa m'munsi n'kuyamba chikasu, vuto ndi madzi ochuluka, osati ludzu. Ambiri akaona tsamba likugwa amathamangira kuthiranso madzi, ndiye chomera chonse chimatha. Ludzu limaoneka mwina: masamba amachita makwinya m'litali mwake koma m'munsi amakhalabe olimba, ndipo mukathirira amabwerera.

Chomera changa chija ndinachizula chonse, n'kugwedeza dothi lija. Mizu yabwino ya snake plant imakhala yolimba, yoyera kapena yofiirira ngati lalanje, pomwe yowola imakhala yakuda ndi yoterera. Yowolayo ndinaidula ndi mpeni woyera, n'kusiya chomeracho pamthunzi masiku angapo kuti mabala aume. Musaope, sichifa chikakhala kunja kwa dothi. Kenako ndinagula mphika wadothi wosapaka utoto, woboola pansi. Mphika wotere umapuma, madzi amatulukira m'mbali momwe. Dothi ndinasakaniza ndekha: theka mchenga wa kumtsinje wokhakhala, uja amaumbira mabuloko, theka lina dothi la m'dimba, n'kuonjezamo makala ophwanyaphwanya otsala pansi pa thumba. Mchenga wosalala kwambiri musautenge, umagwirana n'kutseka dothi. Manyowa ndinangowaza pang'ono. Chiyambire pamenepo sichinadwalenso, ndipo m'dzinja chinatulutsa mphukira m'mbali.

Kathiriridwe kanga tsopano sikatsata kalendala. Ndimalowetsa kamtengo kouma mpaka pansi pa mphika, ndipo kakatuluka ndi chinyezi ndimasiya. Kakatuluka kouma ndimathira madzi okwanira mpaka atulukire pansi, n'kutaya amene adikha m'mbale. M'nyengo yotentha, cha mu Seputembala ndi Okutobala, izi zimachitika pakadutsa masabata awiri kapena atatu. Mu Juni ndi Julayi mwezi wathunthu umatha osathirira. Apa mpofunika kusamala, chifukwa Lusaka ili pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,280 ndipo usiku wa m'chisanu umazizira kwambiri, nthawi zina kutsika pansi pa madigiri 10. Chomerachi kwawo ndi kotentha, kumadzulo kwa Africa, kuyambira ku Nigeria mpaka ku Congo, ndipo kuzizira kukakumana ndi dothi lonyowa mizu imawola msanga. Ngati chili pakhonde, chilowetseni m'nyumba miyezi imeneyi. Chachifupi chija chili ndi vuto lakelake: madzi akathiridwa pakati pa masamba amakhala pomwepo n'kuwoletsa mtima wake. Thirani padothi, m'mbali.

Madzi a Lusaka, makamaka a m'zitsime zobowola, ali ndi laimu wambiri chifukwa cha miyala imene mzindawu wakhalapo. Ndi laimu yemweyo amene amayeretsa m'ketulo. Pa mphika wadothi amasiya zoyera m'mbali ndi pamwamba pa dothi. Sizinaphe chomera changa, koma m'dzinja ndimatchera madzi a mvula ndipo ndimathira ambiri kamodzi kuti atsuke dothi. Fumbi la Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndimalipukuta ndi kansalu konyowa. Ena amapaka mafuta ophikira kuti masamba awale, koma mafutawo amangokoka fumbi lina n'kutseka timabowo tija.

Pali nkhani ina imene sindingaisiye, chifukwa pafupifupi wogulitsa aliyense amainena: kuti chomerachi chimayeretsa mpweya m'nyumba ndipo chimapereka mpweya wabwino usiku. Nkhaniyi ili ndi pochokera. Mu 1989 bungwe la NASA ku America linayesa zomera zingapo, kuphatikizapo ichi, ndipo linapeza kuti zimachotsa mankhwala ena oipa mu mpweya. Koma kuyesako kunachitikira m'timabokosi totsekedwa, osati m'nyumba zokhala anthu. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Drexel, ku America komweko, anaunikanso kafukufuku wa mtunduwu wa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti pangafunike zomera 10 mpaka 1,000 pa sikweya mita iliyonse kuti zifanane ndi mpweya umene umalowa ndi kutuluka wokha m'nyumba. Kutsegula zenera kumaposa miphika yonse imene mungagule. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa m'chisanu, magetsi akazima, ambiri timalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko. Mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo, ndipo palibe duwa limene lingauchotse. Munthu asagone ndi mbaula m'chipinda poganiza kuti snake plant ili pakona imuteteza. Gulani chifukwa n'chokongola ndiponso sichivuta, zimenezo n'zokwanira.

Amene muli ndi ana okwawa, amphaka kapena agalu, dziwani kuti masamba ake ali ndi madzi owawa amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba akatafunidwa. Si poizoni woopsa kwambiri, komabe ikani pamwamba.

Pa zochulukitsa, chomerachi n'chopatsa, koma pali msampha umene ambiri saudziwa. Mukadula tsamba n'kulizika mu mchenga, limamera mizu ndipo pakapita miyezi limaphuka. Koma ngati ndi Laurentii, mphukirayo imatuluka yobiriwira yokha, mzere wachikasu uja kulibe. Kuti mzerewo usatayike muyenera kugawa tsinde la pansi lija, kudula mphukira pamodzi ndi mizu yake. Mlamu wanga wa ku Chelstone ndinamupatsa yogawa motere, ndipo yake ili ndi mzere bwinobwino. Ndiye wogulitsa akakupatsani tsamba la mzere wachikasu longozikidwa, lopanda tsinde, pamtengo wa chomera chathunthu, dziwani kuti ana ake sadzafanana nalo.

Pogula, gwirani tsamba m'munsi n'kulikoka pang'ono. Likhale lolimba ndipo lisagwedezeke, chifukwa logwedezeka ndiye kuti langozikidwa posachedwa kapena mizu yatha. Suzumirani pakati pa masamba ngati mulibe tizilombo toyera tomata, timene timabisala m'munsi n'kumayamwa madzi a chomera. Tembenuzani mphika muone bowo. Ndipo ngati mukufufuza zambiri pa intaneti, mudzapeza mayina awiri: Sansevieria trifasciata, limene ogulitsa ambiri amagwiritsabe ntchito, ndi Dracaena trifasciata, limene akatswiri anachipatsa mu 2017. N'chomera chimodzi chomwecho. Abale ake am'tchire ambiri a ife tinakula tikuwaona pazulu ndi m'mithunzi ya mitengo kumudzi, ndipo ulusi wa m'masamba a mtunduwu unkapotedwa zingwe za mauta.

Amene sichingawasangalatse ndi awa: ofuna duwa losintha sabata iliyonse, ndi okonda kuthirira m'mawa uliwonse. Chimakula pang'onopang'ono, masamba ochepa pa chaka, ndipo nsonga ya tsamba ikathyoka tsambalo silitalikanso. Maluwa ake, oyera mobiriwira ndi onunkhira usiku, satuluka kawirikawiri m'nyumba, ndipo changa sichinachitepo. Kuchomera chenichenicho ndikupereka nyenyezi zisanu. Kudothi, mphika ndi malangizo amene ndinagula nacho, ziwiri zokha. Kwa mayi uja ndidzapitanso, chifukwa zomera zake n'zathanzi, koma ndidzatenga za m'mapepala akuda zotsika mtengo, mphika woboola ndidzagula padera.