Inveta ya Deye ya 5kW: makina amatha kugulitsa magetsi, koma pamafunika chilolezo

Deye SUN-5K-SG03LP1 ndi inveta ya mtundu wa hybrid. Imalandira magetsi a mapanelo a sola, a batire, a ESCOM ngakhalenso a jenereta, n'kumasankha yokha koti itape. Magetsi akathima imalumphira ku batire mwachangu moti kompyuta siizima. Pa ntchito imeneyi palibe poidandaulira.

Imayendera batire ya 48V, ili ndi ma MPPT awiri (zipangizo zokoka mphamvu yochuluka kuchokera ku mizere ya mapanelo), ndipo imanyamula mapanelo ofika 6,500W. Malire a mavolti ochokera ku mapanelo ndi 500V. Panelo ya 550W imatulutsa pafupifupi 50V ikakhala isanasenze katundu, ndiye mapanelo 10 pamzere umodzi n'kuiputa dala, makamaka m'mawa wa mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu, poti kuzizira kumakweza mavolti. Atatu ndi ochepa, chifukwa MPPT imagwira bwino kuyambira 150V. Asanu kapena asanu ndi imodzi pamzere ndiye muyezo wake. Samalaninso ndi batire: ena a 5.12kWh amangolola 50A, kutanthauza 2.5kW basi, moti magetsi a ESCOM akathima, ketulo ndi ayironi zikayakira limodzi zonse zimathima ngakhale inveta ili ya 5kW.

Vuto lenileni lili pa "Selling First", njira ya pa invetayi yomwe imakankhira magetsi otsala ku nthambo za ESCOM. Kumene kuli dongosolo la net metering, lomwe limakuwerengerani magetsi amene mwabweza ku nthambo, apa ndi pamene ndalama ya sola imabwererapo. Kuno kwathu lamulo la magetsi linasinthidwa mu 2016, EGENCO n'kupatukana ndi ESCOM mu 2017, ndipo khomo linatsegukira makampani aakulu monga JCM, amene anatsegula siteshoni ya sola ya 60MW ku Salima mu 2021. Amenewo ali ndi laisensi ya MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, komanso mgwirizano wogulitsira magetsi. Mwini nyumba wa ku Area 25 alibe zimenezo, ndipo popanda chilolezo cholembedwa ndi mita yowerenga mbali zonse ziwiri, asayerekeze. Mamita ambiri a mayunitsi sasiyanitsa magetsi olowa ndi otuluka. Amangodula mayunitsi, ndiye mumalipira magetsi amene mwapatsa eni ake kwaulere. Ena amadzitseka ngati kuti wina akuba magetsi. Kukokera waya kwa aneba n'kumawalipiritsa pamwezi nakonso n'kugulitsa magetsi, ndipo kumafuna laisensi.

Choncho sankhani "Zero Export To CT" ndipo chotsani chizindikiro pa "Solar Sell". Kachipangizo ka CT, komwe kamayeza magetsi odutsa pa waya, kamangidwe pa waya wa live, pakati pa mita ndi bokosi la mabuleka, muvi wake utaloza ku inveta. Kakatembenuzidwa, inveta imawerenga chambuyo, n'kumakankha magetsi kunja ikuganiza kuti nyumba ikuwafuna. Amisiri ambiri amagwera pomwepa. Pa "Zero-export Power" ikani pakati pa 20W ndi 100W kuti nthawi zonse muzikokako pang'ono ku ESCOM. Ngati waya wa CT sukufika, "Zero Export To Load" ndi yosavuta, kungoti imadyetsa zokhazo zolumikizidwa ku mbali ya load, komwe inveta imatulutsira magetsi a m'nyumba.

Zotsatira zake n'zowawa ndithu. Mu October batire imatha kudzaza dzuwa lisanafike paliwombo, kenako inveta imachepetsa magetsi amene ikutenga ku mapanelo, mphamvu n'kumangotayika padenga. N'chifukwa chake kugula mapanelo 12 pa nyumba yomwe masana kumakhala kulibe anthu n'kutaya ndalama. Bola mapanelo ochepa ndi batire yachiwiri, ndipo giza, pampu ya madzi ndi kusita zisamukire masana.

Kumadera kumene mavolti amakwera n'kutsika, inveta imadzichotsa pa ESCOM pafupipafupi. Ena amafutukula malire ake mu "Grid Setting" kuti isamavute. Musalole. Chitetezo chimenechi n'chimodzi mwa zimene zimaletsa inveta kutumiza magetsi ku nthambo zothimitsidwa, pomwe wina ali pamwamba pa polo kukonza.

Kwa a ofesi, kiliniki kapena shopu, amene amagwiritsa ntchito magetsi masana, inveta imeneyi ndi yogula. Wongofuna nyali, firiji ndi TV usiku, inveta wamba ya off-grid, yosatumiza magetsi ku ESCOM, imukwanira pa mtengo wotsikirapo. Wokuikirani akuonetseni chilolezo chake cha MERA, ndipo asachoke asanaike earth ndi zoteteza ku ziphaliwali mbali ya mapanelo (DC) ndi ya magetsi a m'nyumba (AC) yomwe, mvula isanayambe.