Dongle, kabokosi ka patebulo kapena ya mavalavu: ampu iti ya mahedifoni anu?

Mnzanga wina anaitanitsa mahedifoni a Sennheiser HD 6XX kudzera mwa mlamu wake wa ku Britain. Anadikira miyezi iwiri. Atafika anawalumikiza pa laputopu, n'kumvera nyimbo ziwiri zokha, kenako anandiimbira mawu atagwa: "Achimwene, ndalama zija ndangotaya. Zikumveka ngati wailesi ya aneba, kutali uko." Mahedifoniwo analibe vuto lililonse. Ndi a ma ohm 300 (muyeso wa mmene amakanira magetsi kudutsa), ndipo bowo la pa laputopu yakeyo linalibe mphamvu zowakankhira. Chinkasowa ndi ampu, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya mawu opita ku mahedifoni. Koma ampu yake iti, popeza zilipo za madola 9 komanso za madola masauzande?

Tisanatchule mayina tiwerengere kaye pang'ono, chifukwa masamu ake ndi amene amathetsa mikangano yambiri. Sennheiser amalemba kuti HD 650, amene ndi mapasa a HD 6XX, amatulutsa ma dB 103 (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) akalandira volt imodzi. Mukawirikiza ma volt kawiri, mawu amakwera ndi ma dB 6. Mukawadula pakati, amatsika ndi ma dB 6 omwewo. Palibe amene amakhala akumvera pa 103, angagonthe. Koma nyimbo siyenda mofanana ngati madzi a pampopi. Ng'oma ikagunda, kapena kwaya yonse ikalowa nthawi imodzi, mawu amatha kulumpha ndi ma dB 15 kapena 20 pamwamba pa pomwe mumamvera, ndiye ampu iyenera kukhala ndi mpata wa kulumphako. Kuti mahedifoniwa afike pa ma dB 110 pa kamphindi koteroko, pamafunika ma volt ongopitirira 2 pang'ono. Basi. Ma watt ambirimbiri olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa makatoni aja sakukhudzani ngati mahedifoni anu ndi amenewa.

Yotsika mtengo kuposa zonse ndi kachingwe ka Apple kolumikiza USB-C ndi bowo la 3.5mm, kamene anthu amangoti dongle. Musakaderere. M'kati mwake muli DAC (kosandutsa nyimbo za digito kuti zithe kumveka pa mahedifoni) komanso ampu, ndipo mawu ake ndi oyera moti amachititsa manyazi zipangizo zina zodula kangapo. Msampha wake ndi uwu: kogulitsidwa ku America kamatulutsa pafupifupi volt imodzi, pomwe kogulitsidwa ku Ulaya kamatulutsa theka lokha, chifukwa cha malamulo a kumeneko oteteza makutu. Pa HD 6XX ndiye kuti ma dB 103 ndi ka ku America, 97 ndi ka ku Ulaya. Nyimbo za masiku ano zojambulidwa mokweza zimakwana bwinobwino, koma mukaika jazz yakale kapena orchestra mupeza voliyumu yafika kumapeto mtima usanakhutire. Pa mafoni ambiri a Android kamamvekanso motsika kusiyana ndi pa kompyuta. Komabe ngati muli ndi ma IEM, tija tolowa m'makutu, kapena mahedifoni a ma ohm 32 osavuta kukankha, imani pomwepa. Ndalama yotsalayo mugulire bandulo.

Pamwamba pake pali tiampu ta batire, ndipo kamene ndimakakonda ine ndi Qudelix 5K ka ku South Korea. Kukula kwake ngati bokosi la machesi, ndipo kali ndi chopanira pa malaya. Kamalandira nyimbo kudzera pa Bluetooth kapena pa USB, kamatulutsa ma volt 2 pa bowo la 3.5mm ndi ma volt 4 pa bowo la balanced la 2.5mm (lopatsa khutu lililonse mawaya akeake awiri). Bwererani ku masamu aja muona kuti ma volt 4 amafikitsa HD 6XX pa ma dB 115, kupyola pomwe tinafuna. Koma chimene chimakapambanitsa si mphamvu. Kali ndi EQ ya parametric, yokwezera kapena kutsitsira besi ndi mawu ena payekhapayekha, imene imasungidwa m'kachipangizo momwemo, ndiye mukakonza besi ndi mawu a pamwamba kamodzi, zimakhala choncho kaya mwalumikiza foni kaya kompyuta ya ku ntchito. Kusintha kumene EQ imabweretsa n'kwakukulu kuposa kusiyana kulikonse kumene ndinamvapo pakati pa ma ampu awiri a transistor. Zofooka zake zilipo: mabatani ake amasokoneza masiku oyamba, app yake ili ndi zosankha zochuluka moti ena amangoitseka, ndipo batire ndi batire, limakalamba. A FiiO a ku Guangzhou ali ndi anzake a mtundu womwewu, mndandanda wa BTR, ngati Qudelix yavuta kupeza.

Tsopano tibwere patebulo, kumene kuli mpikisano weniweni. Mayina atatu ndi amene amabwerabwera. Schiit Magni, ya kampani imene Jason Stoddard ndi Mike Moffat anayambitsa ku California mu 2010, inatuluka koyamba mu 2012 pa madola 99. JDS Labs Atom ya ku Illinois inabwera mu 2018, nayonso pa madola 99. Topping L30 ya ku China inatsatira mu 2020. Zonse zasinthidwa kangapo kuchokera nthawiyo ndipo mitengo yakwerako, koma mkhalidwe wake sunasinthe. Zonse zitatu zimatulutsa ma volt ochuluka kuposa amene mahedifoni a ma ohm 300 angafune, ndipo output impedance yake, kutanthauza ma ohm a ampuyo potulukira mawu, siifika ohm imodzi.

Nanga zimasiyana pati? M'manja, osati m'makutu. Atom yoyamba ija ndi ya pulasitiki, yopepuka moti mukamalowetsa pulagi ya 6.35mm muyenera kuigwira ndi dzanja linalo, apo ayi imathawa patebulo. Ubwino wake ili ndi polowera pawiri, RCA ndi 3.5mm. Magni ndi yachitsulo, imafunda mukaigwira, ili ndi ma watt ochulukirapo kuposa Atom yoyambayo pa ma ohm otsika, koma switch yake ili kumbuyo, ndiye tsiku lililonse mumapapasa ngati mukufuna makiyi pansi pa bedi. L30 ili ndi gain (mlingo wa mmene ampu imakuzira mawu) ya magawo atatu, ndipo lotsikitsitsalo ndi lothandiza kwambiri pa ma IEM. Chifukwa chake n'chakuti chopotokola voliyumu cha ma ampu otchipa chikakhala pansi penipeni, khutu limodzi limamva kwambiri kuposa linzake. Gain yotsika imakulolani kupotokola mpaka pakati, pomwe mbali ziwirizo zimalingana.

Ndinayesapo kusiyanitsa ziwiri mwa izi mwachilungamo. Ndinaika kamvekedwe ka 1 kHz, n'kuyeza ndi multimeter kuti zonse zitulutse ma volt ofanana, kenako mphwanga ankasintha mawaya ine nditatembenukira kukhoma. Dzulo lake ndikanalumbira kuti ina ili ndi besi yonenepa. Tsikulo ndinkangolotera ngati wa njuga. Chinsinsi chake n'chakuti ampu imene yakwezedwa ngakhale ndi theka la dB imamveka ngati yabwino kuposa inzake, ndipo khutu silinena kuti "yakwera", limanena kuti "yatseguka". Wogulitsa aliyense wochenjera amazidziwa zimenezi.

Zinthu ziwiri zoti muzikumbukire pa gulu limeneli. Choyamba, kawirikawiri ndi ma ampu okhaokha, m'kati mulibe DAC. Mufunika china chowapatsa nyimbo. Dongle ija ikhoza kugwira ntchitoyo, kapena mutenge chophatikiza zonse m'bokosi limodzi monga FiiO K5 Pro kapena K7, mawaya achepe. Chachiwiri ndi chimene ambiri olemba za izi ku America sachitchula chifukwa sichiwakhudza. Atom, Magni ndi L30 zimagwiritsa ntchito adaputa ya AC, ya transformer yolemera m'kati, imene imapangidwira magetsi a dziko limodzi. Si chaja ya laputopu yolembedwa 100–240V imene mumalowetsa kulikonse. Ku America magetsi ndi a ma volt 120. Ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ndi 230. Ine ndinaphunzira ndi mphuno. Ndinagula ampu yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu wobwera kuchokera kunja, n'kungoika kosinthira mano a pulagi, n'kulowetsa pa soketi. Panamveka kulira kwa "mmmm", kenako fungo la pulasitiki yopsa, adaputa yatentha ngati mbaula. Cholakwa chinali changa, zinalembedwa poyera pa adaputapo. Poitanitsa nenani kuti mukufuna ya 230V, ndipo katundu akafika werengani musanalowetse.

Za mavalavu, timababu tagalasi tokuzira mawu ngati ta m'mawailesi akale, ndiye nkhani ina, ndipo pano kusiyana kwa mawu n'kwenikweni, kumayezeka. Tengani Bottlehead Crack, imene imabwera ngati zidutswa zoti mulumikize nokha ndi soldering iron, ya valavu ya 12AU7 kutsogolo ndi 6080 kumbuyo, kapena Darkvoice 336SE yobwera yomangamanga. Izi ndi za mtundu wa OTL, zopanda transformer potulukira mawu, ndipo output impedance ya Crack ndi pafupifupi ma ohm 120. Onani chimene chimachitika. HD 650 sakhala pa ma ohm 300 paliponse: cha ku ma Hz 100, kumene kuli besi, amakwera kufika cha m'ma 500. Ampu ya ma ohm 120 imagawana ma volt ndi mahedifoni, ndiye pomwe ma ohm a mahedifoni akwera amalandira gawo lalikulupo. Mukawerengera, besi ija imakwera ndi pafupifupi dB imodzi. Onjezani tizokometsera timene valavu imawaza pa mawu, mupeza "kufunda" kumene anthu amakuyamikira. Si matsenga. Ndipo ndivomere, mawu a munthu woimba ndi gitala yekha amakoma pamenepo, usiku magalasi aja akuyaka mofiirira.

Koma ampu yomweyo mukailumikiza ndi mahedifoni a ma ohm 32, amalandira pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a mphamvuyo, besi n'kukhala phala. Injiniya wosadziwika dzina amene ankadzitcha NwAvGuy, yemwe anapanga ampu ya O2 mu 2011, anatchukitsa lamulo losavuta: output impedance ya ampu isapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a ma ohm a mahedifoni. OTL imaphwanya lamuloli dala, ndipo zimakoma pa mahedifoni a ma ohm 250 mpaka 600 okha, monga ma Sennheiser aja kapena Beyerdynamic DT 880 ya 600. Pa mahedifoni a mtundu wa planar a Hifiman, amene ma ohm ake ndi otsika koma amamwa current yambiri, musayese n'komwe. Kumeneko ndi kwa Magni ndi anzake. Onjezani kuti mavalavu amatentha, amafuna mphindi zingapo kuti akhazikike, amatha ndi nthawi, ndipo kuitanitsa galasi kuti lidutse m'mabasi ndi m'ndege lifike lamoyo ndi pemphero palokha. Amene akungofuna kulawa atha kuyesa Schiit Vali, ya valavu kutsogolo koma transistor potulukira, imene siisankha mahedifoni kwambiri.

Za bowo la balanced la 4.4mm sindichedwapo. Limapereka ma volt owirikiza, ndiye n'lothandiza pa tizipangizo ta batire. Pa ampu ya patebulo yokhala ndi mphamvu kale, mukungolipira chingwe chatsopano. Ndipo mphamvu zikachuluka dzanja limayabwa: a WHO amati munthu wamkulu asapitirire ma dB 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo ampu iliyonse ya patebulo pamwambapa ikhoza kudutsa pamenepo chopotokola chisanafike pakati.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti atenge Qudelix ndi chingwe cha 2.5mm, ngakhale maso ake anali pa ya mavalavu imene anaiona kwathu. Amamvera kwambiri madzulo, ndipo kudera kwawo madzulo ndi nthawi imene magetsi amakonda kuthawa. Anakwiya pang'ono, akuti ndikumumana zabwino. Ndinamukumbutsa mmene anandipezera tsiku limene anabwera kudzaiona: ampu ya mavalavuyo itazizira, itafundidwa kansalu kuti isalowe fumbi, ine ndili pakhonde mumdima, kabokosi ka machesi kaja nditakapana pa kolala.