Ndemanga ya tchanelo cha GMHikaru: chabwino kuonera, koma sankhani zotengera

Kwa munthu amene akufuna kuona mmene katswiri weniweni wa tchesi amaganizira wotchi ikumuthamangitsa, tchanelo cha Hikaru Nakamura ndikuchipatsa nyenyezi 5. Kwa amene rating yake (nambala yoyeza mphamvu ya wosewera) ili pansi pa 1200 ndipo akufuna kukwera, ndikuchipatsa 3 zokha. Kusiyana kumeneku ndiye nkhani yonse, chifukwa zomwe zimamupambanitsa Hikaru pa intaneti ndi zomwezo zimene zimagwetsa wophunzira akazitengera asanazimvetse.

Hikaru anabadwira ku Japan mu 1987 koma anakulira ku America, ndipo anakhala grandmaster mu 2003 ali ndi zaka 15. Watenga chikho cha dziko la America kasanu, rating yake ya FIDE, bungwe la tchesi la dziko lonse, inafika 2816 mu 2015, ndipo mu 2022 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Fischer Random (tchesi yoyamba zida zakumbuyo zitasakanizidwa) ku Reykjavik. Choncho simukuonera munthu wodziwa kulankhula chabe. Amasewera pa Chess.com ndi dzina loti Hikaru, amaulutsa pompopompo pa Kick kuyambira 2023 atakhala zaka zingapo pa Twitch, ndipo zodulidwa bwino zimaikidwa pa YouTube. Kuonera ndi kwaulere, ndalama imapita ku bandulo basi.

Kasewero kake ka blitz ndi bullet, masewero othamanga a mphindi zochepa, n'kosiyana ndi kamene mabuku amaphunzitsa. Nthawi zambiri safunafuna kusuntha kopambana konse pa bolodi. Amafuna kusuntha kwabwino mokwanira, kopezeka m'sekondi imodzi, komwe kamusiyira mnzakeyo funso lovuta. Mnzakeyo akatha masekondi 15 kuyankha funso limodzi, Hikaru wapindula kale ngakhale injini, pulogalamu ya kompyuta younika tchesi, ikunena kuti masewero ndi ofanana. N'chifukwa chake amakonda kutsegula ndi 1.b3 akakhala ndi zoyera, kapena 1...g6 akakhala ndi zakuda. Njirazi zimachotsa masewero m'mizere yoloweza n'kuwalowetsa momwe aliyense ayenera kudziganizira yekha, ndipo pamenepo wachangu ndi amene amadya.

Apa mpomwe wophunzira amapunthwira koyamba. Tengani mzere uwu: 1.b3 e5 2.Bb2 Nc6 3.e3 d5 4.Bb5 Bd6 5.f4. Cholinga cha zoyera n'chomveka. Bishopu wa pa b2 akuloza pawn ya pa e5, bishopu wa pa b5 wamanga hatchi yomwe imaiteteza, ndipo f4 ikuwonjezera mphamvu pamalo omwewo. Koma pakati pa bolodi mwapereka kwa zakuda, ndipo f4 yatsegula njira yochokera pa h4 kufika kwa mfumu yanu pa e1. Zakuda zikasewera 5...Qh4+ muyenera kudziwa kuti yankho ndi 6.g3, ndiponso kuti mabokosi oyera ozungulira mfumu yanu afooka kuyambira pamenepo. Hikaru amadziwa zimenezi asanagwire n'komwe mouse. Wa 1000 amangotengera b3 ndi Bb2, kenako amadabwa kuti pofika kusuntha kwa 15 alibe popondera. Ngati simunazolowere kulimbirana pakati pa bolodi ndi 1.e4 kapena 1.d4, musathamangire kupapereka.

Za Bongcloud, yomwe ndi 1.e4 e5 2.Ke2, sindichedwapo. Hikaru ndi Magnus Carlsen, katswiri wa ku Norway, anaisewera onse awiri pa mpikisano wa pa intaneti mu 2021 n'kulepherana mwadala. Ndi nthabwala. Mfumu imatseka mfumukazi ndi bishopu wake, ndipo castling, kusuntha kobisa mfumu pambali pa rook, yatha. Ma speedrun (kukweza akaunti yatsopano mwachangu kuchokera pa rating yotsika) omwe amayamba ndi kutsegula koipa chonchi, kapena kutaya mfumukazi dala, amasangalatsa koma kutsegula kwakeko si kotengera.

Chopunthwitsa chachiwiri ndi premove, kusuntha komwe mumaikiratu mnzanu asanasunthe. Pa Chess.com premove iliyonse imadya gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi ndipo mutha kuika zingapo motsatizana. Pa Lichess, webusaiti ina ya tchesi, sidya nthawi koma mumaika imodzi yokha. Hikaru akatsala ndi masekondi atatu amatha kusuntha kakhumi ndi kupitirira pogwiritsa ntchito njirayi, ndipo woonera amaganiza kuti chinsinsi ndi liwiro la dzanja. Yang'anitsitsani nthawi imene amaigwiritsa ntchito. Amaikiratu kubwezera kudya, chifukwa mnzakeyo akapanda kudya premove ija imafafanizika yokha. Amaikiratunso pamene mfumu ya mnzake ili ndi kolowera kumodzi kokha, kapena pothamangitsa pawn imene palibe choigwira. Kuikiratu potsegula masewero ndi nkhani ina. Pali msampha wodziwika: 1.d4 g6 2.Bh6. Mukaona, mumangodya bishopuyo ndi Bxh6 kapena Nxh6 n'kutsogola. Koma ngati munaikiratu Bg7, zoyera zimadya 3.Bxg7 ndipo rook ya pa h8 nayo yapita. Masewero atha pa kusuntha kwachitatu chifukwa chofuna kupulumutsa sekondi imodzi.

Chimene ndimachiyamikira koposa pa tchanelochi, ndipo anthu ambiri sachitchula, ndi mmene amadzitetezera zinthu zikavuta. Hikaru sagonja msanga. Akatsalira ndi hatchi yathunthu amasiya kusinthana zida, chifukwa kusinthana kumathandiza wotsogola. Amasinthanitsa ma pawn m'malo mwake, podziwa kuti mnzakeyo akatsala ndi mfumu ndi hatchi yokha sangapereke checkmate. Amasunga mfumukazi pa bolodi kuti apeze check yosatha, ndipo amayang'ana mpata wa stalemate (kulepherana kobwera wosewera akasowa kosuntha koma asali pa check) mpaka kumapeto. Izi n'zotheka kuziphunzira pa rating iliyonse, ndipo zimabweza mapointi ochuluka kuposa kuloweza mzere watsopano wotsegulira. Mukamaonera, masewero amene injini ikuonetsa kuti waluza ndiwo oyenera kuwabwereza kawiri.

Vuto lalikulu la kuulutsa kwa pompopompo ndi loti safotokoza pang'onopang'ono. Amajambula mivi inayi kapena isanu pa bolodi, kutchula kudyana kotsatizana m'Chingerezi chothamanga, n'kusuntha inu musanapeze n'komwe bokosi loyamba. Sikuti akubisa. Zili ngati katswiri wa bawo amene sawerenganso njere m'dzenje, amangoona pomwe dzanja likathere. Zomwe kwa inu ndi mawerengero a masekondi 40, kwa iye ndi chithunzi chomwe wachiona kambirimbiri. Mawu olembedwa okha pansi pa kanema pa YouTube sathandiza kwenikweni chifukwa amasokoneza mayina a mabokosi. Komanso pa maola anayi a pompopompo, nthawi yambiri imapita pocheza ndi oonera, kuwerenga nkhani za m'dziko la tchesi ndi kutsatsa malonda. Kwa makolo ndi aphunzitsi: Kick ili ndi matchanelo ambiri a juga, choncho mwana mupatseni YouTube.

Zofunika kwambiri zili m'makanema omwe amafotokozera masewero ake a nthawi yaitali akangochoka pa bolodi. Anachita zimenezi pa mpikisano wa Candidates, wosankha wokalimbana ndi katswiri wa dziko lonse, ku Madrid mu 2022 ndiponso ku Toronto mu 2024, komwe anatsalira ndi theka la pointi kumbuyo kwa wopambana, Gukesh wa ku India. Mmenemo amalankhula modekha, amanena zomwe anakonzekera, pomwe mnzake anamudabwitsa, mizere yomwe anaiwerengera n'kuisiya, ndi chifukwa chake. N'zosowa kuti munthu wa pamwamba chonchi atsegule maganizo ake tsiku lomwelo la masewero. Ngati muli ndi bandulo ya kanema mmodzi pa sabata, sankhani ameneyu.

Titled Tuesday ndi gawo lina labwino. Ndi mpikisano wa Lachiwiri lililonse pa Chess.com, wa maraundi 11, wa okhawo okhala ndi maudindo a tchesi. Kwa zaka zambiri unkaseweredwa pa 3+1 (mphindi zitatu kwa aliyense, kuwonjezera sekondi imodzi pa kusuntha kulikonse), ndipo mu 2025 unasintha kukhala 5+0 (mphindi zisanu popanda zowonjezera). Kwathu kuno umayamba cha m'ma 5 kapena 6 koloko madzulo, kutengera nyengo ya wotchi ya ku America. Ubwino wake ndi woti adani ake ndi olimba, choncho mumaona tchesi yeniyeni osati kuseweretsa ofooka.

Tsono njira yoonera kuti mupindule ndi iyi. Sankhani masewero amodzi, osati kanema yense. Tsitsani liwiro la kanema kufika pa 0.75, ndipo zikathina pa 0.5. Akangomaliza kutsegula, cha pa kusuntha kwa 10 kapena 12, imitsani kanema mnzakeyo akangosuntha. Dzifunseni kaye chomwe kusunthako kukuopseza, kenako onani ma check onse, zodya zonse ndi zoopseza zanu, ndipo lembani papepala kusuntha kumene mukanasewera. Kulemba n'kofunika, chifukwa popanda kulemba mtima umakunamizani kuti munaziona. Mukatero pitirizani kanema. Chitani izi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa masewero amodzi, zomwe zimatenga mphindi 25 mpaka 30. Masewero ake onse ali poyera pa akaunti yake ya Chess.com, choncho mutha kutenga PGN, fayilo ya kusuntha konse kwa masewero, n'kuiika pa Lichess, komwe injini ya Stockfish imaunika kwaulere. Pamenepo mudzapeza chinthu chothandiza: nthawi zina kusuntha kwanu n'kwabwino kuposa kwake malinga ndi injini, koma kwake kunali kovuta kukuyankha. Phunzirani kusiyanitsa ziwirizi.

Pa masewero anuanu, musatengere wotchi yake. Masewero a 3+0 a kusuntha 40 amakupatsani masekondi anayi ndi theka pa kusuntha kulikonse. A 15+10 amakupatsani masekondi opitirira 30. M'masekondi anayi simuganiza, mumangobwereza zomwe mukudziwa kale, zolakwika zomwe. Wa pansi pa 1500 asewere masewero awiri a 15+10 pa tsiku, osapitirira, ndipo aliwonse awaunike yekha mphindi khumi asanatsegule injini. Pezani kusuntha kumodzi komwe zinthu zinatembenukira ndipo lembani chifukwa chake m'mawu anu: sindinaone hatchi ikubwerera, ndinasiya mzere wakumbuyo wopanda mlonda, ndinasinthana mfumukazi ndili wotsalira. Pakatha masewero 20 mudzaona kuti zifukwa ziwiri kapena zitatu ndi zomwe zikubwerabwera, ndipo ndi zomwe muyenera kuzigwirira ntchito. Pa akaunti yaulere ya Chess.com, Game Review ndi ma puzzle zili ndi malire a tsiku, pamene pa Lichess zilibe.

Liwiro la Hikaru linachokera ku kuzindikira zithunzi, ndipo ma puzzle ndi amene amamanga zimenezo. Koma Puzzle Rush ya mphindi zitatu, yomwe iye amaithamanga mochititsa chidwi, imayesa zomwe muli nazo kale. Pomanga, chitani mphindi 15 za ma puzzle opanda wotchi, mutu umodzi pa sabata, monga fork (kuopseza zida ziwiri nthawi imodzi), pin (kumanga chida) kapena checkmate ya mzere wakumbuyo, ndipo musasunthe mpaka mutaona mzere wonse m'mutu. Wonjezerani mathero a rook, chifukwa ndi omwe amabwera kawirikawiri ndipo Hikaru amawasewera osaganiza. Yambani ndi njira yodzitetezera yotchedwa Philidor: zoyera zili ndi mfumu, rook ndi pawn pa e5, inu muli ndi mfumu pa e8 ndi rook. Sungani rook yanu pa mzere wa 6 kuti mfumu yoyera isalowe. Pawn ikangofika pa e6, tsitsani rook ku mzere woyamba n'kuyamba kupereka check kuchokera kumbuyo, pakuti mfumu yoyera ilibenso pobisala. Ambiri amaluza malowa chifukwa chosiya rook itakhala pa mzere wa 8.

Amene ali pansi pa 1200 apindula msanga akaphatikiza tchanelochi ndi ma speedrun a malemu Daniel Naroditsky, grandmaster wa ku America amene anamwalira mu October 2025. Makanema ake akadali pa YouTube. Iye ankayamba pa rating yotsika n'kumafotokoza kusuntha kulikonse, kenako n'kubwereza masewero onse atatha. Kumeneko mumaphunzira chifukwa chake, ndipo kwa Hikaru mumaona zomwezo zikugwira ntchito pa liwiro.

Pa nkhani ya bandulo, bolodi limaoneka bwino pa 480p, ndipo ola limodzi limadya pafupifupi theka la GB. Pa 1080p mumawononga kangapo kuposa apo popanda chowonjezera, chifukwa zida za tchesi sizifuna chithunzi chakuthwa. Pa 360p zida zimaoneka koma manambala a wotchi amavuta kuwerenga pa foni yaing'ono. Netiweki ikakhala yodukaduka, bullet isiyeni ndithu: kuchedwa kwa theka la sekondi pa kusuntha kulikonse kumakudyerani masekondi 20 pa kusuntha 40, gawo limodzi mwa atatu a wotchi ya 1+0. Sankhani nthawi yokhala ndi masekondi owonjezera, monga 5+3 kapena 15+10.

Ndipo amene mukukonzekera mipikisano ya pa bolodi lenileni, monga ya CHESSAM, bungwe la tchesi la ku Malawi, kumbukirani kuti kumeneko kulibe premove, kulibe mivi, ndipo chida chimene mwachigwira ndi chomwe musunthe. Kwatsala sabata ziwiri, yalani bolodi lenileni pambali pa foni, muzisunthapo masewero a Hikaru amene mukuwaunika, ndipo manja azikhala pansi pa tebulo mpaka mutasankha.