D&D Starter Set ya Phandelver: bokosi labwino, koma level 1 siichita chibwana

Nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Bokosili linatuluka mu 2014, ndipo muli zokwanira kuti gulu liyambe kusewera Dungeons & Dragons (D&D), masewera a patebulo amene aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani, tsiku lomwelo: kabuku ka malamulo ka masamba 32, nkhani ya Lost Mine of Phandelver ya masamba 64, madayisi 6, ndi mapepala a anthu asanu a m'nkhani okonzedwa kale oti osewera asankhepo. Tizidole ndi mapu oyala patebulo mulibe. Ife timajambula papepala la masamu n'kuikapo zitsekerero za mabotolo, ndipo zimatheka bwinobwino. Madayisi ndi ochepa, mudzangobwerekana.

Ndemanga yanga kwenikweni ndi ya amene adzakhale DM, wotsogolera masewerawo. Nkhaniyi imachoka pa level 1 (mulingo wa mphamvu za munthu wa m'nkhani) kukafika pa 5, koma poopsa kwambiri ndi poyambirira penipeni, pamene osewera sanadziwe n'komwe dayisi loti aponye.

Taonani nkhondo yoyamba. Gulu likuperekeza ngolo ya Gundren Rockseeker, amene wawalemba ntchito, ku tawuni ya Phandalin, lipeza mahatchi awiri akufa pamsewu, ndipo magoblin (tizilombo tokhala ngati anthu aafupi) anayi abisala m'tchire. Goblin mmodzi ali ndi HP (mapointi a moyo) 7 basi, koma muvi wake umachotsa 1d6+2 (dayisi limodzi la mbali 6, kuwonjezerapo 2), ndipo akalasa amatha kubisalanso nthawi yomweyo. Wamatsenga wa m'bokosimu ali ndi HP 8. Mivi iwiri yokha, wagwa asanayankhule. Kwathu zinaterodi, ndipo mwini wake anangokhala chete kudikira kuti wansembe amudzutse.

Komabe nkhondo imeneyi ndimaikonda. Imaphunzitsa msanga kuti kuima poyera n'kudzipereka, kuti ngolo ndi pobisalira, kuti mnzako akagwa umayamba wamuthandiza. Bukuli linaganiziranso za gulu logonja: magoblin akapambana, amangowasiya ali chikomokere n'kuwabera katundu. DM watsopano awerenge ndime imeneyo kawiri, chifukwa ndi imene imapulumutsa usiku wonse.

Vuto lili kuphanga la Cragmaw, kwa Klarg. Bugbear ameneyu, chilombo chachikulu cha mtundu wa magoblin, ali ndi HP 27, chibonga chake chimachotsa 2d8+2, ndipo ali ndi mmbulu wake Ripper ndi magoblin awiri. Dayisi lomenyera la mbali 20 likagwa pa 20, madayisi a nkhonyayo amawirikiza kukhala 4d8+2, pafupifupi 20. Lamulo likuti ngati zotsala za nkhonyayo pambuyo poti HP yako yafika pa 0 zikufanana ndi HP yako yonse kapena kuposa, wafa pompo, palibenso zodzutsana. Kwa wamatsenga uja 16 yakwana. Munthu amene wangoyamba lero, wamupatsa dzina munthu wake, wayamba kumukonda, n'kumutaya chifukwa cha dayisi limodzi? Pamenepa mpamene ndachotsera nyenyezi. Osewera afika kale atatopa, ena atakokoloka ndi madzi amene magoblin amatsegula m'phangamo, ndipo level 2, yomwe imafuna XP (mapointi okwerera level) 300, amaipeza akamaliza phanga lonselo.

Chimene chinatithandiza si kufewetsa adani. Ndinangowapatsa osewera zambiri zoti aone ndi kumva. Goblin wogwidwa amaulula za m'phangamo. Yeemik, goblin amene wagwira Sildar Hallwinter, mnzake wa Gundren, amadana ndi Klarg ndipo ndi wokonzeka kukambirana. Klarg mwiniyo ndi wodzitama, choncho ndinamusiya ayambe wabwebweta m'malo mobisalira anthu. Osewera anaopabe, anatuluka thukuta, koma zimene anasankha zinali ndi ntchito. Ongoyamba amapirira nkhondo yovuta ngati anaiona ikubwera.

Ku Phandalin zinthu zimamasuka. Zigawenga za Redbrand ndi mtsogoleri wawo Glasstaff n'zamulingo wabwino, ndipo tawuniyo ili ndi anthu ambiri opereka tintchito, moti gulu limasankha lokha kolowera. Gawo limeneli ndilibe nalo dandaulo.

Chenjezo lina ndi Venomfang, chinjoka chobiriwira cha ku mabwinja a mudzi wa Thundertree. Mpweya wake wa poizoni ndi 12d6, pafupifupi 42, pamene ambiri amafikako ali pa level 3 kapena 4. Chimathawa HP yake ikafika theka, komabe mpweya umodzi ungagwetse gulu lonse. Musawabisire. Reidoth, mkulu wokhala m'mabwinjamo, awauze mosapita m'mbali kuti m'nsanjamo muli chiyani, ndipo akafuna kubwerera, asiyeni abwerere.

Ngati patebulo panu pali osewera anayi kapena asanu, gulani, musasinthe zambiri. Ngati ndi atatu okha, chotsani goblin mmodzi pamsewu paja, ndipo muwakweze pa level 2 asanalowe kwa Klarg.