Les Misérables ya 2012 ndi yabwino pophunzira za chisomo ndi chilamulo, koma muikonzekere

Filimuyi anaitsogolera Tom Hooper, ndipo nkhani yake inachokera m'buku la Victor Hugo la 1862. Ndi ya mphindi 158, ndipo pafupifupi mawu onse ndi oimba. Anthu ambiri amagwa ulesi pomwepa, choncho pogula DVD onetsetsani kuti ili ndi mawu olembedwa m'munsi mwa sikirini, ndipo muwayatse kuyambira pachiyambi. Chingerezi choimba chimavuta kumva, makamaka anthu angapo akamaimba mawu osiyana nthawi imodzi.

Nkhani imayamba mu 1815 ku France. Jean Valjean (Hugh Jackman) watuluka m'ndende patatha zaka 19: zisanu chifukwa choba buledi, zotsalazo chifukwa choyesa kuthawa. Chikalata chomwe wanyamula chikumutchula kuti ndi munthu woopsa, ndiye ntchito palibe, pogona palibe. Bishopu wa ku Digne amamulandira n'kumudyetsa, koma usiku womwewo Valjean amaba ziwiya zasiliva. Apolisi atamugwira, bishopu amawauza kuti zinthuzo anachita kumupatsa, n'kumuwonjezera zoikapo makandulo ziwiri. Imitsani filimu pamenepa. Chisomo chafika munthuyu asanalape, ndipo mtengo wake walipira ndi bishopu. Kulapa kukubwera pambuyo pake, Valjean atagwada m'tchalitchi, kamera ili pafupi kwambiri ndi nkhope yake moti mukuona milomo ikunjenjemera.

Cholakwika chomwe magulu ambiri amachita ndi kutenga wapolisi Javert (Russell Crowe), amene amasakasaka Valjean, ngati mdyerekezi wa m'nkhaniyi. Si choncho ayi. Javert amapemphera, sadya ziphuphu, ndipo ataganiza kuti wanamizira meya (yemwe kwenikweni ndi Valjean yemweyo atasintha dzina), amapita yekha kukapempha kuti alangidwe. Muyeso umene amayezera ena amadziyezeranso yekha. Anabadwira m'ndende, ndipo amakhulupirira kuti wakuba sangasinthe. Mu 1832, pa nthawi ya kuukira boma ku Paris, Valjean amapeza mpata womupha koma amamumasula. Javert walandira mphatso yofanana ndi imene Valjean analandira, koma mumtima mwake mulibe poiika, ndipo amadziponya mumtsinje wa Seine. Werengani Luka 15 pamodzi ndi gawoli, maso anu ali pa mwana wamkulu wokana kulowa m'nyumba. Aroma 6:14-15 ikuthandizani kuti zokambirana zisafike ponena kuti lamulo lilibe ntchito, chifukwa Valjean yemweyo amakadziulula kukhothi kuti munthu wosalakwa asamangidwe m'malo mwake.

Ochita sewero ankaimba pomwepo pojambula, akumva piyano kudzera m'kachipangizo ka m'khutu. N'chifukwa chake nyimbo ya Fantine, mayi wosauka amene anachotsedwa ntchito pafakitale ya Valjean, yomwe Anne Hathaway anaimba akulira, imakhudza mtima chotero, ndipo anapata nayo mphoto ya Oscar. Njira yomweyi inamuika pambalambanda Crowe: mawu ake ndi ofooka, moti nyimbo zimene zinayenera kusonyeza kuuma kwa chilamulo zimamveka zozizira. Pa masipika a foni kapena laputopu mawu ake amamira m'zida zoimbira, choncho lumikizani sipika yaikulu.

Si filimu ya ana a Sande sukulu. Muli gawo limene Fantine amagulitsa tsitsi, mano, kenako thupi lake, muli nthabwala zolaula kunyumba ya alendo ya banja la Thénardier, mwana akuwomberedwa, ndiponso kudzipha. Wotsogolera gulu aionere yekha kaye, ndipo achenjeze gulu za imfa ya Javert ngati mulimo wina amene anataya m'bale wake mwa njira imeneyo.

Igaweni masiku awiri. Tsiku loyamba lekezani pamene Valjean ndi Cosette, mwana wa Fantine amene iye wamutenga kuti amulere, athawira kunyumba ya masisitere, pafupifupi ola limodzi, kuti patsale nthawi yokambirana za bishopu ndi za kukhothi. Gawo lachiwiri lili ndi nkhani ya chikondi cha Cosette ndi Marius, mnyamata wa m'gulu loukira boma, yomwe ndi yopepuka, koma musaidumphe, chifukwa ndiyo imafotokoza chimene chinamutengera Valjean kumalo a nkhondo kumene anakumananso ndi Javert.