ZIFF ya ku Zanzibar: zimene wopanga filimu amapezako

Mukafuna kudziwa ngati chikondwerero cha mafilimu n'choyenera kuchitumizira ntchito yanu, funsani kaye kuti akuchiyendetsa ndani. Zanzibar International Film Festival, yomwe ambiri amangoti ZIFF, timaiyamikira kwambiri pa mfundo imeneyi, chifukwa utsogoleri wake wakhala ukuphatikiza akatswiri a kanema ndi anthu odziwika pa ntchito za m'dera.

Bungweli si la boma. Lidakhazikitsidwa mu 1997 ndipo chikondwerero choyamba chidachitika mu 1998. Mwa omwe adaliyambitsa muli mayi Fatma Alloo, mtolankhani amene adatsogoleranso poyambitsa TAMWA, bungwe la amayi atolankhani ku Tanzania. Kwa zaka zambiri chikondwererochi chidayendetsedwa ndi a Martin Mhando, wopanga mafilimu yemwe adaphunzitsaponso pa Murdoch University ku Australia. Kuphatikiza kumeneku kumaoneka pa pulogalamu. Dzanja la akatswiri mumaliona pa maphunziro, pa zokambirana filimu ikatha, ndi pa mphoto zikuluzikulu za Golden Dhow ndi Silver Dhow. Dzanja la anthu a m'dera lili pa magawo a Women's Panorama, Children's Panorama ndi Village Panorama, omwe amatulutsa mafilimu m'tauni n'kupita nawo kwa amayi, kwa ana asukulu ndi kumidzi. Gawo la kumidzili ndi lomwe timaliona lamtengo wapatali. Filimu yonena za munda, ukwati kapena chuma cha masiye imaoneredwa ndi anthu amene nkhanizo amakhala nazo, ndipo akapanda kuseka pomwe mumayembekezera, mumadziwa pofunika kukonza. Amalawi sialendo kumeneko: Seasons of a Life ya a Shemu Joyah idapatako mphoto.

Malo akulu oonetsera ndi bwalo lapanja mkati mwa Ngome Kongwe, linga lakale la ku Stone Town, dera lakale la mzinda wa Zanzibar, moyang'anizana ndi Forodhani Gardens. Bwaloli ndi lokongola, koma silibisa zolakwika. Panja mawu amabalalika, choncho ngati nyimbo zakwera kuposa zolankhula, anthu a kumbuyo samva kanthu. Zithunzi za usiku zomwe pa kompyuta zimaoneka bwino zimatha kungokhala mdima wokhawokha. Musanatumize, onetsani filimu yonse pabwalo ndi projekita ndi masipika, inu mutakhala kumapeto.

Kutumiza kumachitika pa intaneti, ndipo ambiri amagwera pa zazing'ono. Linki ya Vimeo, tsamba la pa intaneti loikapo mafilimu, ikhale yotseguka mpaka chikondwerero chitatha, ndipo pasiwedi musaisinthe, chifukwa wosankha akalephera kutsegula amangopita pa filimu ina. Filimu ya Chichewa imafunika ma subtitle a Chingerezi, mawu omasulira olembedwa m'munsi mwa sikirini: mizere isapitirire 2 nthawi imodzi, mzere uliwonse zilembo zosaposa 42, ndipo mawu akhale pa sikirini nthawi yokwanira kuwerenga. Miyambi musaimasulire liwu ndi liwu, perekani tanthauzo lake. Sungani makope awiri, ina yokhala ndi mawu omatiriza pachithunzi, ina yopanda, pamodzi ndi fayilo ya SRT yosunga ma subtitle paokha, kuti ena athe kuikapo Chiswahili. Nyimbo iliyonse ya munthu wina ikhale ndi chilolezo cholembedwa. Ngati ndi ya woimba wa kuno, yambirani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso ku Malawi.

Pofooka ndi pa ndalama. Monga zikondwerero zambiri za mu Africa, ZIFF imadalira othandiza, ndiye kukula kwa pulogalamu kumasiyana chaka ndi chaka, ngakhalenso masiku, ngakhale kuti nthawi zambiri imagwa cha mu June kapena July. Kusankhidwa sikutanthauza kuti akulipirirani ulendo. Kalata yokuitanani muiwerenge bwino, ndipo funsani molemba za tikiti, malo ogona, tsiku ndi malo oonetsera filimu yanu, komanso mtundu wa fayilo yomwe akufuna. Nyamulani kope ina pa hard drive.

Woyenda pamsewu kuchokera ku Malawi amadutsa pachipata cha Songwe n'kulowera Mbeya mpaka Dar es Salaam, kenako boti lothamanga la pafupifupi maola 2 kukafika pachilumba cha Zanzibar. Kuyambira October 2024 alendo ochokera kunja amafunika kugula inshuwalansi ya Zanzibar, choncho muiike pa bajeti. Anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu ndipo pabwalo pamabwera mabanja athunthu, ndiye ngati filimu yanu ili ndi zigawo zosayenera ana, nenani pa fomu kuti aiike malo ndi nthawi yoyenera.