Linux Mint 22 pambali pa Windows 10, mmene yandiyendera

Laputopu yanga ndi yakale ndithu, ilibe TPM 2.0 (kachipu ka chitetezo komwe Windows 11 imafuna) ndiye Windows 11 imakana kulowamo, komanso support ya Windows 10 inatha pa 14 Okutobala 2025. Kufufutiratu Windows sindikanatha chifukwa pali pulogalamu imodzi ya kuntchito yomwe imangoyenda pa Windows basi. Ndiye ndinati ndiyike Linux Mint 22, sisitimu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, pambali pake, zonse ziwiri pa hadi disiki imodzi, poyatsa ndizisankha ndekha. Pano yatha miyezi itatu.

Chomwe ndinakonda choyamba nchakuti umayiyesa kaye usanayike. Ndinadawuniloda ISO (fayilo yoyikira Mint), kuyiponya pa fulashi ya 8GB ndi pulogalamu ya Rufus, kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashipo, Mint inatseguka yonse osakhudza kalikonse pa disiki. Ndinayesa wifi, mawu, kiyibodi, zonse zinali bho. Kuyika kwenikweniko sikovuta, imaona yokha kuti muli Windows nkukufunsa ngati ukufuna "Install Linux Mint alongside Windows Boot Manager", iwe nkungosankha pamenepo. Koma chonde werengani bwinobwino sikirini imeneyo musanadine, chifukwa pomwepo palinso "Erase disk" ndipo imeneyo imasesa zonse, zithunzi, mafayilo, Windows yomwe. Ine mtima unkagunda ngakhale ndinali nditakopera kale zinthu zanga pa disiki ina.

Ntchito yeniyeni ili ku Windows usanayambe, apa mpomwe ndikufuna anzanga mumvetsetse. Malo a Mint ndinapatuliratu mu Disk Management, Shrink Volume, ndinasiya 80GB yopanda kanthu. Ngati kompyuta yanu ili ndi BitLocker (loko ya Windows yotsekera disiki) lembani recovery key yake papepala, ndi manambala 48, musaisunge mukompyuta momwemo chifukwa ikadzakufunsani poyatsa simudzatha kulowa kukaiona. Chomwe ndinaiwala ine ndi Fast Startup. Ikakhala yoyatsa, Windows sizima kwenikweni imangogona, ndiye ndili ku Mint mafayilo anga a ku Windows ndimawaona, kuwatsegula amatseguka koma kusintha kapena kuseva china chilichonse kumakana. Ndinavutika madzulo onse mpaka ndinaizimitsa mu Control Panel, Power Options, nkuzimitsa Windows bwinobwino, basi zinatheka. Dziwaninso kuti Mint imawerenga NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) koma Windows siona ext4 (ka Linux), ndiye mafayilo omwe mukufuna uku ndi uku asungeni mbali ya Windows.

China chinali wotchi. Ndikachoka ku Mint kubwerera ku Windows nthawi imakhala italakwika ndi maola, chifukwa Linux imatenga wotchi ya mkati mwa kompyuta ngati ya UTC (nthawi ya muyezo wa dziko lonse lapansi) pomwe Windows imaitenga ngati nthawi ya komwe uli. Ndinalemba timedatectl set-local-rtc 1 mu terminal ya Mint (windo lolembamo malamulo), inachenjeza pang'ono koma kuyambira tsiku limenelo nthawi ili yolondola konsekonse.

Poyatsa imabwera menyu ya GRUB, sikirini yakuda ya zilembo zoyera, Mint pamwamba Windows pansi, ukapanda kudina kanthu kwa masekondi 10 imalowa Mint yokha. Siyokongola ayi koma sinandikhumudwitsepo. Cinnamon, yomwe ndi desikitopu ya Mint, nayo ili ndi menyu pakona yakumanzere pansi ngati momwe tinazolowerera, Firefox ndi LibreOffice zimabwera momwemo, ndipo Mint 22 ili ndi ma update mpaka 2029. Fani ya laputopu yomwe inkangolira nthawi zonse pano imakhala phee.

Mint 22 ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa ndikanakonda pakanakhala kasikirini kamodzi kokumbutsa munthu za Fast Startup ndi wotchi asanayambe, woyamba kumene sangazilote yekha. Ngati disiki yanu ndi ya 128GB ndipo yadzadza kale musakakamize, mbali zonse ziwiri zidzapanikizika, pezani kaye SSD yokulirapo.